Ku Zanzibar, kumene nyanja imathawa gombe

Amalawi ambiri amaidziwa Dar es Salaam ngati mudzi wa kwawo. Amawoloka pa Songwe, kugona m'basi kudutsa Mbeya ndi Iringa, kukapikula nsalu ndi nsapato ku Kariakoo kapena kukatenga galimoto kudoko, basi ulendo wobwerera. Ndi ochepa amene amaganiza zokwera boti lopita ku Zanzibar, chonsecho ndi ulendo wa maola awiri okha, ndipo Mmalawi safunika kukhala ndi viza kuti alowe m'dziko la Tanzania. Pasipoti yokha musaiwale kuhotela, chifukwa ngakhale Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika pa 26 Epulo 1964, ili ndi boma lakelake, ndipo padoko amaona zikalata ngati mukulowa m'dziko lina.

Dzina loti Zanzibar limaimira zilumba zingapo. Zikuluzikulu ndi Unguja ndi Pemba, ndipo pa kalembera wa 2022 anthu a m'zilumbazi anali pafupifupi 1.9 miliyoni. Alendo ambiri amathera pa Unguja, chilumba cha makilomita pafupifupi 85 m'litali. Boti limakocheza ku Stone Town, tauni yakale ya nyumba za miyala ya m'nyanja, imene UNESCO inaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2000. Misewu yake ndi tinjira topanikizana moti galimoto silingalowe. Mumangomva belu la njinga kapena kulira kwa njinga yamoto kumbuyo, n'kudzipanikiza kukhoma. Kusochera n'kosapeweka, koma tauniyo ndi yaing'ono, njira iliyonse imakakutulani kunyanja kapena kumsika wa Darajani, kumene fungo la nsomba limalimbana ndi la zokometsera zakudya monga karafuu ndi sinamoni.

Mlendo wochokera ku Ulaya amajambula zitseko zosemasema n'kufunsa nyumba imene ankakhala Freddie Mercury, woyimba uja anabadwira kuno mu 1946. Wochokera ku Malawi ali ndi malo ena oyenera kuima nthawi yaitali. Ku Mkunazini kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican, Christ Church, chimene anayamba kumanga mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamsika umenewo anali ochokera kwathu ku Malawi. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawawolotsa nyanja pa zombo, kenako akapolowo ankayenda pansi mpaka ku Kilwa atasenza minyanga ya njovu, ndipo opulumuka panjira ankafika ku Zanzibar. Amene anakakamiza Sultan Barghash kutseka msikawo mu 1873 anali John Kirk, yemwe uja anayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire, amene dzina lake lili pa mapiri a Kirk Range. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, pamene anakwirira mtima wa Livingstone. Mishoni ya Anglican ya UMCA nayo, itavutika ku Magomero, inasamukira ku Zanzibar mu 1864, ndipo ndi kuchokera kuno kumene inabwerera kwathu n'kukhazikika pa Likoma mu 1885. Panja pa tchalitchi pali dzenje la ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi. Palibe dzina lolembedwapo, koma munthu wa ku Nkhotakota kapena Mangochi sangayang'ane nkhope zimenezo ngati za anthu achilendo.

Dzuwa likapendeka, anthu amakhamukira ku Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja. Anyamata amathamanga n'kudziponya m'madzi kuchokera pakhoma, ogulitsa amayatsa nyali ndi mbaula, makina ofinyira nzimbe ali kwee kwee. Nsomba zowotcha zoyalidwa pamatebulo n'zokongola koma mitengo yake ndi ya alendo, ndipo sizonse zimene zagwidwa tsiku lomwelo. Eni dera amadya urojo, msuzi wowawasira wothira mbatatesi, tizitumbuwa ta nyemba ndi tsabola. Tsatirani iwo.

Koma chenicheni cha chilumbachi chili kummawa. Kuchoka ku Stone Town kupita ku Paje ndi ulendo wa ola limodzi ndi kanthu pa minibasi yotchedwa daladala, kudutsa nkhalango ya Jozani, kwawo kwa anyani ofiira a mtundu wa colobus amene sapezeka kwina kulikonse kunja kwa zilumbazi. Mukafika ku Paje kapena Jambiani masana, mutha kudabwa: mchenga woyera mbee ulipo, migwalangwa ya kokonati ilipo, ngalawa zilipo koma zagona chammbali pamchenga. Nyanja palibe. Yathawira kutali, nthawi zina kupitirira kilomita, kumene mafunde akuoneka ngati kamzere koyera pa matanthwe a pansi pa madzi.

Ife ozolowera Senga Bay ndi Cape Maclear timadziwa nyanja yokwera ndi mvula n'kutsika m'chilimwe. Iyi imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, maola pafupifupi asanu ndi limodzi ikupita, ena otero ikubwera, chifukwa cha mphamvu ya mwezi. Tsiku lililonse nthawi yake imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amaphwa kwambiri n'kudzazanso kwambiri. Alendo ena amakwiya nazo, ati analipira kuti adzasambire. Kwa anthu a m'midzi imeneyi, nthawi imene nyanja yachoka ndiyo nthawi ya ntchito.

Madzi akangotsika, amayi amalowa m'nyanja atamanga nsalu zawo za kanga, matumba kumutu. Ali ndi minda m'madzimo. Amakhoma zikhomo mumchenga, kumanga zingwe, ndi kumangirirapo timphukira ta ndere zotchedwa mwani. Pakatha masabata pafupifupi asanu ndi limodzi amakolola, kukayanika padzuwa ndi kugulitsa kwa makampani otumiza kunja, kumene amatengamo zinthu zolimbitsira mankhwala otsukira mano, ayisikilimu ndi zina. Ulimi umenewu unayamba mwamphamvu mu 1989, ndipo unapatsa amayi ambiri ndalama yogwira m'manja mwawo koyamba. Ndi ntchito yowawa. Munthu amawerama maola ambiri m'madzi amchere, dzuwa lili pamutu, minga ya tizilombo ta m'nyanja ili kumapazi, mtengo wa kilo n'kukhala wochepa momvetsa chisoni. Madzi osaya akutenthanso kuposa kale, ndipo mtundu wa mwani wa mtengo wabwino, cottonii, ukufa. Wotsala ndi spinosum wotchipa. Ena ayamba kupanga sopo ndi mafuta odzola kuchokera ku mwani kuti apezeko kenakake. Pafupi pomwepo ena amafukula makoko a kokonati amene anawakwirira mumchenga kwa miyezi kuti afewe, n'kuwapuntha kuti apote zingwe, pamene abambo amasaka pweza, kanyama ka miyendo isanu ndi itatu kobisala m'mapanga a miyala.

Madzi akayamba kubwerera, gombe limasintha eni. Amayi amatuluka ndi mitolo yawo, ndipo achinyamata a ku Ulaya amalowa ndi makaiti awo akuluakulu okokedwa ndi mphepo. Paje inatchuka ndi masewera amenewa chifukwa cha mphepo ziwiri: kusi ya kummwera, kuyambira cha mu Juni mpaka Seputembala, ndi kaskazi ya kumpoto, cha mu Disembala mpaka Febuluwale. Ndi mphepo zomwezi zimene zinkabweretsa ndi kubweza zombo za ku Oman ndi India kwa zaka mazanamazana. Usiku umodzi m'mahotela ena a pagombeli umadya ndalama zimene mlimi wa mwani sangazione pa miyezi ingapo, ndipo khoma la hotela likatalika, njira ya kunyanja ya anthu a m'mudzi imatalikanso. N'zimene zikuchitikanso m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kungoti kuno zafika patali.

Wofuna kusambira nthawi iliyonse apite kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, kumene madzi ndi akuya pafupi ndi gombe ndipo sathawa kwambiri. Kumeneko kuli phokoso, mabala ndi anyamata okutsatirani ndi malonda a maulendo a paboti, koma kuseri kwa mahotela amisiri akusemabe zombo za matanga ndi nsompho, popanda pulani yolemba papepala. Kummwera, ku Kizimkazi, kuli mzikiti wokhala ndi malemba a chaka cha 1107, ndiponso maboti othamangitsa ma dolphin m'njira imene nthawi zambiri imangozunza nyamazo.

Anthu a ku Zanzibar ambiri ndi Asilamu. Zovala zosambira zimathera pagombe. Polowa m'mudzi kapena m'tauni, mapewa ndi mawondo azikhala ophimbidwa, ndipo m'mwezi wa Ramadan si ulemu kudya poyera masana. Mvula yamphamvu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, nthawi imene mahotela amatsitsa mitengo ndipo ena amatseka. Kuyambira Okutobala 2024, boma la Zanzibar linalamula kuti alendo ochokera kunja azigula inshuwalansi yake asanalowe, choncho iikeni pa bajeti pamodzi ndi tikiti ya boti, imene mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa nzika.