Kukonza Pakhomo Mvula Isanagwe

Mwezi wa Okutobala ukafika, alimi amakhala kalikiliki kusosa m'minda. Koma pakhomo napo pamafunika kukonza, pakuti mvula yoyamba imakokolola zonyansa za pabwalo ndi kukazithira m'zitsime ndi m'mitsinje momwe anthu amatunga madzi akumwa. Umu ndi m'mene kolera amafalira. Nthendayi idafika koyamba m'Malawi muno mu 1973, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700.

Banja laukhondo limayambira m'nyumba. Katundu yense atulutsidwe, mphasa ndi zofunda ziyanikidwe padzuwa. Ming'alu ya m'zipupa imatidwe chifukwa ndimo mobisala nsikidzi ndi mphemvu. Pansi paziridwe kuti utitiri ndi matekenya zisowe fumbi loswaniranamo.

Panja napo, tchire lilambulidwe. Zitini ndi mapale zikwiriridwe, ndipo maenje odikha madzi afotseredwe, popeza udzudzu umaikira mazira m'madzi osayenda. Nyengo yotentha, pakangotha masiku ngati 10, ana ake amakhala atayamba kuuluka. Chimbudzi chifoleredwe bwino kuti chisagwe ndi mvula, chikhale ndi chivundikiro chotchinga ntchentche, ndipo pafupi pake pakhale madzi osamba m'manja ndi sopo kapena phulusa.

Ntchito imeneyi si ya mayi yekha ayi. Bambo akumbe dzenje la zinyalala ndi kumanga thandala loyanikapo mbale, ana atole zitini. Paja mutu umodzi susenza denga.