Peugeot 504 ndi RAV4 Hybrid: Makaniko wa Mawa Akonzekere Iti?

Anzanga, tikamacheza za ntchito zomwe tikufuna tikamaliza Fomu 4, umakaniko susowa pakamwa. Ndiye lero ndati ndikuyerekezereni galimoto ziwiri, yakale ndi yamakono, kuti tione ntchitoyi ikulowera kuti.

Yakaleyo ndi Peugeot 504 ya ku France, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968. Mu 1975 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'misewu ya fumbi ndi matope, ndipo mu Africa muno inatchuka chifukwa cholimba. Ukatsegula boneti, zonse zili poyera. Pa 504 zambiri za petulo, kabuleta imasakaniza mafuta ndi mpweya, mapulagi n'kuyatsa, injini n'kuzungulitsa matayala akumbuyo. Batire yake ndi ya mavoti 12 basi. Ikafa panjira, makaniko wa pansi pa mtengo amaidzutsa ndi sipanala komanso khutu lake. Vuto lake, imamwa mafuta kwambiri, ndipo ilibe ma airbag oteteza anthu pa ngozi.

Yamakonoyo ndi Toyota RAV4 Hybrid ya ku Japan. Mawu oti hybrid akutanthauza kuti imayendera mphamvu ziwiri: injini ya petulo ya malita 2.5 ndi mamota amagetsi. Ponyamuka kapena poyenda pang'onopang'ono, mota imatha kukoka yokha injini ili chete. Woyendetsa akaponda buleki, mota ija imasanduka jenereta, ndipo mphamvu yomwe ikanangotayika ngati kutentha imabwerera m'batire. Si zomwe zija timaphunzira mu Physics, zoti mphamvu siitha koma imangosintha mtundu? N'chifukwa chake imamwa malita pafupifupi 6 pa makilomita 100. Siifunanso kuchajidwa pakhoma, ndiye magetsi a ESCOM akathima ilibe nazo ntchito. Mukakumbukira mizere ija ya mafuta pa mafilingi siteshoni, muona chomwe anthu akuikondera.

Koma apa ndiye pagona nkhani. Batire yaikulu ya RAV4 imaposa mavoti 200, ndipo mawaya ake anawapatsa mtundu wa olenji dala, kuti akhale chenjezo. Kuwagwira mwachisawawa kukhoza kupha munthu. Ikavuta, umailumikiza ku kompyuta n'kuwerenga chomwe chalakwika. Khutu lokha silikwanira ayi.

Ndiye yabwino ndi iti? Kwa ine, 504 ndi mphunzitsi wabwino chifukwa imakuonetsa poyera mmene injini imagwirira ntchito. Koma galimoto zomwe zikulowa m'dziko muno kuchokera ku Japan zikudalira kwambiri magetsi ndi makompyuta, ndipo makasitomala athu adzabwera ndi zimenezo.

Choncho iwe mnzanga wofuna umakaniko, mnyamata kapena mtsikana, osathawa Physics ndi masamu n'kumati "ine zanga ndi zamanja." Manja adzagwira sipanala, koma mutu uyenera kudziwa waya woyenera kuyamba wachotsedwa.