GOGODANI DENGA MUSANABOWOLE: PHUNZIRO LA KU CHITUNGWIZA

Abale anga a m'migodi, inu mudziwa kuti munthu wanzeru sayamba kubowola asanagogode denga ndi mgwala kuti amve ngati mwala uli wolimba. Ine ndinasunga lamulo limeneli zaka zambiri pansi pa mgodi, koma pomanga nyumba yanga ndinaliiwala, ndipo thukuta la miyezi yambiri linapita pacabe.

Nyumbayo ndinaimanga ku Chitungwiza, mzinda uli kumwera kwa Harare. Mzindawu unapangidwa m'caka ca 1978 pophatikiza malokesheni atatu, Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo pa kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. A kwathu a ku Malawi alimo ambiri. Popeza malo ndi osowa, anthu ena amanga ndi m'madambo momwe.

Munthu wina anandionetsa malo mwezi wa October, pansi pali gwa, ndipo ndinagula osafunsa. Mmisiri ndinamlipira zonse asanayambe, ine nkubwerera ku nchito. Pofika January madzi anatumphuka m'cipinda, khoma linang'aluka kuyambira pa zenera kufikira pansi. Mayi wina wokalamba wa pafupi anati kwa ine, "Mwana wanga, pano ife tinali kubzala mpunga." Zoonadi, safunsa anadya phula.

Pambuyo pace ndinagwira nchito ndi amisiri odziwa, ndipo ndinaona kuti iwo amayamba ndi kufufuza.

Coyamba, funsani anthu okhalitsa pamalopo, ndipo mukaone malowo nthawi ya dzinja. Kumbani dzenje lofika m'ciuno, muligoneke. Likadzaza madzi pofika m'mawa, kapena mukapeza dothi lakuda lomata, cokanipo.

Caciwiri, pitani nokha ku khonsolo mukaone ngati malowo alembedwa ndiponso ngati pulani yabvomerezedwa. Kumbukirani caka ca 2005, pamene nyumba zopanda mapepala zinagwetsedwa pa Murambatsvina; a United Nations anati anthu ngati 700,000 anataya pokhala kapena popezera cakudya.

Cacitatu, funsani kumene madzi akumwa acokera ndi kumene zonyansa zipita. Kolera ya 2008 inayambira ku Chitungwiza komweko mwezi wa August, ndipo inapha anthu oposa 4,000 m'dziko la Zimbabwe. Citsime cikhale kutali ndi cimbudzi.

Cacinai, yesani zomangira. Thirani mcenga m'botolo la madzi, mukhutcumule, muleke ukhazikike; matope akacuruka pamwamba pa mcengawo, musaugule. Gundanitsani njerwa ziwiri: zopsa bwino zimalira ngati citsulo.

Kufufuza kukatha, patsala kuyang'anira nchito, ndipo apa mpamene ife okhala kutali timagwa. Musalipire mmisiri zonse pamodzi. Panganani pa kalata, pamaso pa mboni: zina akatha maziko, zina khoma likafika pa zenera, zotsala akafolera. Mkazi wanu kapena mbale wokhulupirika akhale ndi buku, alembemo thumba liri lonse la simenti lolowa ndi loturuka. Konkire ithiridwe madzi masiku 7, ndipo dziwani kuti imafika pa mphamvu yace pa masiku 28. Wofulumiza nchito ndiye mdani wa nyumba. Anyamata othandiza alandire zao pa tsiku la pangano, cifukwa wanchito wanjala ndiye amagulitsa simenti usiku.

Nyumba yanga yaciwiri iri pa mtunda, ndipo mvula ikamagwa ndimagona tulo. Inu amene musunga ndalama zomangira, kaya ku Zimbabwe kaya kwathu ku Malawi, gogodani denga musanabowole. Tsalani bwino, abale.