KUDYA KU LESITILANTI MU MZINDA: MTENGO, GORJETA NDI MALIPIRO

Anthu ambiri a m'maboma a Tsangano ndi Macanga ali ndi abale m'mizinda ikuluikulu. Ena ali ku Tete ndi ku Beira. Ena ali ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Ena anafika mpaka ku Joni. Ambiri mwa abale athuwa amagwira ntchito m'mahotela ndi m'malesitilanti. Amaphika, amatsuka mbale, ndipo ena amaperekera zakudya pa thebulo.

Akabwera kumudzi timawamva akutchula mau akuti "gorjeta" kapena "tipi". Wina amati, "Malipiro ndi ochepa, koma gorjeta ilipo." Kodi gorjeta nchiyani? Kodi munthu angadalire gorjeta polera ana? Tiyeni tiwerenge, kenaka tikambirane.

1. Basela ndi gorjeta

Tonse timadziwa basela. Mukagula mulu wa tomato pa msika wa ku Furancungo kapena wa ku Ntengo-wa-Mbalame, wogulitsa amaonjezerapo mmodzi kapena awiri. Amatero kuti mudzabwerenso mawa. Basela imachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula.

Gorjeta imayenda chobwerera. Imachoka kwa wogula kupita kwa wantchito. Munthu akadya m'lesitilanti amalipira mtengo wa chakudya. Kenaka amaonjezera kandalama pang'ono, kothokozera amene wamuperekera. "Gorjeta" ndi mau a Chipwitikizi. "Tipi" ndi mau ochokera ku Chingerezi. Tanthauzo lake ndi limodzi.

Gorjeta si chiphuphu. Chiphuphu chimaperekedwa mobisa kuti munthu apotoze lamulo, kapena kuti achite ntchito imene Boma linamlipira kale. Gorjeta imaperekedwa poyera, munthu atadya kale.

2. Moyo wa m'bairro

Mzinda wa Tete uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mumzindamu munali anthu oposa 300,000. Mgodi waukulu wa malasha wa ku Moatize utayamba kukumba mu 2011, kunabwera alendo ambiri ochokera kutali. Mahotela ndi malesitilanti anachuluka. Anyamata ndi atsikana a kumidzi anapita kukafuna ntchito.

Mzinda umagawidwa m'madera otchedwa bairro. Ku Tete kuli Matundo, Chingodzi, Josina Machel, Francisco Manyanga ndi ena. Bairro lirilonse liri ndi mlembi wake, ndipo limagawidwanso m'magulu a nyumba okhala ndi atsogoleri ao. Mlendo akafika amayenera kukadzionetsa kwa atsogoleriwa, monga mmene timachitira kwa a mfumu kumudzi.

Koma m'bairro mulibe nkhokwe. Ufa ngogula. Makala ngogula. Madzi ndi magetsi nzolipira. Nyumba nja lendi, ndipo mwini nyumba amafuna ndalama yake mwezi ndi mwezi. Wopita ku ntchito amalipira chapa. Akaweruka usiku chapa zitatha, amakwera njinga yamoto, imene mtengo wake ndi wokwera.

Anthu a m'bairro amathandizana. Amabwerekana mchere ndi moto. Amasungirana ana. Ambiri amachita chipereganyu, chimene m'dziko muno chimatchedwanso xitique. Ku Zambia amati chilimba, ku Joni amati stokvel. Aliyense amasonkha ndalama yofanana pa tsiku limene anapangana, ndipo mmodzi amatenga zonse. Kenaka amatenga wina, mpaka onse atakwana.

Taonani apa. Lendi ili ndi tsiku lake. Chipereganyu chili ndi tsiku lake. Ngongole ya pa kagolosale ili ndi tsiku lake. Koma gorjeta ilibe tsiku. Lero ilipo, mawa palibe. Woperekera zakudya akasowa ndalama, mwini nyumba amasowanso. Mai wogulitsa makala amasowanso. Anzake a chipereganyu amadikira. Choncho nkhani ya malipiro a woperekera ndi nkhani ya bairro lonse.

3. Malo awiri odyerako

M'bairro muli timalo todyerako totchedwa barraca. Muli amai ophika nsima pa msika, ndi anyamata okazinga tchipisi pa chiwaya. Kumeneku mwini malo ndiye amaphika, ndiye amaperekera, ndiyenso amalandira ndalama. Amakudziwani. Mwina amakuonjezerani ndiwo. Mwina amakukongozani mpaka pa kutha kwa mwezi. Pano gorjeta sifunika, chifukwa phindu lonse ndi la mwini yemweyo.

Lesitilanti yaikulu ndi yosiyana. Mwini wake saoneka kawirikawiri. Amene mumamuona ndi wantchito. Iye amaimirira tsiku lonse, amanyamula mbale, amapukuta mathebulo. Ndalama imene mwalipira si yake. Imalowa m'bokosi la mwini.

Mbatata ya kachewere ya ku Tsangano imafika m'malesitilanti otere. Mbale imodzi ya tchipisi imagulidwa pa mtengo umene mlimi angadabwe nao. Chifukwa chake nchakuti mu mtengomo muli zambiri. Muli mlimi, muli wa lole, muli mafuta ophikira, magetsi, lendi ya malo, msonkho ndi phindu la mwini. Funso lalikulu ndi ili: kodi thukuta la woperekera lirimo mu mtengomo, kapena lasiyidwa kuti wakudya aganize yekha?

4. Njira zitatu

Maiko amayankha funsoli m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi ya gorjeta. Mtengo wolembedwa umaoneka wotsika, koma wakudya amayembekezeka kuonjezera. Njira imeneyi inakula kwambiri ku America. Lamulo la dziko lonselo limalola mwini kulipira wantchito wolandira tipi madola 2.13 okha pa ola. Chiwerengero chimenechi chinaikidwa mu 1991. Malipiro otsikitsitsa a antchito ena anafika madola 7.25 pa ola mu 2009. Malipirowo pamodzi ndi tipi zikapanda kukwanira 7.25, mwini amayenera kuonjezera. Nchifukwa chake wakudya kumeneko amasiya 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse. Ku South Africa anthu amasiya 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse.

Njira yachiwiri ndi yolemba ndalama ya utumiki pa bilu. Mwini amaonjezera yekha, pa mzere wakewake. Pa Chingerezi amalemba "service charge", pa Chipwitikizi "taxa de serviço". Ku Zambia, lamulo la zokopa alendo la 2015 linalamula kuti njira imeneyi itsatidwe m'mahotela ndi m'malesitilanti. Amaonjezera 10 pa 100 iliyonse, ndipo ndalamayo imayenera kugawidwa kwa antchito, osati kwa mabwana oyendetsa malowo.

Njira yachitatu ndi ya mtengo umodzi. Zonse ziri mkati. Chimene chalembedwa ndi chimene mumalipira. Ku France mitengo ya m'malesitilanti imalembedwa utumiki uli kale mkati. Amati "service compris". Munthu akafuna amasiya tindalama tating'ono, koma palibe womkakamiza. Ku Japan kulibe mwambo wa tipi.

Kuno ku Mozambique palibe lamulo lokakamiza munthu kupereka gorjeta. Wopereka amapereka mwa kufuna kwake.

5. Kodi yabwino ndi iti?

Gorjeta iri ndi ubwino wake. Imalowa m'manja mwa wantchito tsiku lomwelo. Pa malo odzadza alendo olemera, woperekera wochangamuka angapeze ndalama zoposa malipiro ake.

Koma zoipa zake nzambiri. Mvula ikagwa, alendo osabwera, woperekera amapita kunyumba chimanjamanja. Akadwala, palibe gorjeta. Wophika ndi wotsuka mbale ali kuseri, wakudya sawaona, ndipo kawirikawiri salandirako. Mtsikana woperekera amapirira mau achipongwe poopa kutaya gorjeta. Ndiponso ndalama ya m'manja silembedwa m'buku la malipiro. Ku INSS, kumene kumasungidwa ndalama ya ukalamba, wantchito amasonkha 3 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo bwana amasonkha 4. Malipiro olembedwa akakhala ochepa, penshoni idzakhalanso yochepa.

Mtengo umodzi umathandiza wantchito kudziwa chimene alandire pa kutha kwa mwezi. Umathandizanso wakudya kudziwa chimene alipire asanakhale pansi. Komabe kusintha nkovuta. Mu 2015 Danny Meyer, mwini wa malesitilanti otchuka mu mzinda wa New York, analengeza kuti akuthetsa tipi. Anakweza mitengo kuti alipire bwino antchito onse, ndi a kukhitchini omwe. Koma mitengo yake inaoneka yokwera poyerekeza ndi ya anzake, ndipo operekera ena anasiya ntchito. Mu 2020 anabwerera ku tipi. Izi zikutiphunzitsa kuti mwini mmodzi payekha sangasinthe mwambo wa mzinda wonse.

Ndalama ya utumiki nayo iri ndi msampha. Imayamba yalowa m'bokosi la mwini. Mwini wosakhulupirika angathe kuisunga. Nchifukwa chake ku Britain anapanga lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2024. Lamulolo likuti tipi ndi ndalama ya utumiki zipite zonse kwa antchito, mwini asadulepo.

Tsono njira iriyonse imakhala yabwino pokhapokha malipiro enieni alipo. Gorjeta ndi zikomo. Malipiro ndi mangawa a bwana. Zikomo sangalowe m'malo mwa mangawa.

6. Kwa amene akupita kukagwira ntchito

Akulu anati, fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Malipiro olembedwa ndiwo fodya wa pa mphuno. Gorjeta ndi wa pa chala.

Ku Mozambique Boma limalengeza malipiro otsikitsitsa a ntchito zosiyanasiyana, ndipo a m'mahotela ali ndi ao. Lamulo la ntchito latsopano, Lei n.º 13/2023, linayamba kugwira ntchito mu 2024. Antchito a m'mahotela ali ndi bungwe lao lotchedwa SINTIHOTS. Palinso oyendera ntchito a Boma, a Inspecção Geral do Trabalho, amene amalandira madandaulo.

Ku South Africa lamulo la malipiro otsikitsitsa linayamba pa 1 January 2019, pa R20 pa ola. Mu March 2025 anafika R28.79 pa ola. Pa mtengo umenewo, wogwira maola 45 pa mlungu ankayenera kulandira R1,295.55. Lamulolo likunena momveka kuti tipi siwerengedwa ngati malipiro. Koma si onse amalimvera. Mu September 2024 oyendera ntchito anapita ku malesitilanti ena a ku Menlyn, mu mzinda wa Pretoria. Anapeza operekera amene ankadalira tipi ndi kagawo ka zimene agulitsa, popanda malipiro a lamulo. Antchito ena opanda zikalata zokhalira m'dzikomo anagwidwa. Munthu wopanda zikalata amaopa kudandaula, ndipo bwana woipa amadziwa zimenezi.

Choncho musanayambe ntchito funsani mafunso awa. Malipiro anga ndi angati pa mwezi? Ndigwira maola angati? Gorjeta imagawidwa bwanji? Mbale ikasweka, kapena wakudya akathawa osalipira, kodi adzandidula? Mayankho ake alembedwe pa pepala. Werengani pepalalo musanasaine. Ngati mau ena ndi ovuta, pitani nalo kwa mnzanu wodziwa kuwerenga.

7. Kwa amene akupita kukadya

Mlimi akagulitsa fodya kapena mbatata, tsiku lina angalowe m'lesitilanti ku Tete. Asachite manyazi. Ayambe waona mitengo asanaitanitse chakudya. Akatha kudya apemphe bilu, imene pa Chipwitikizi amati "conta", ndipo awerenge mzere uliwonse.

Mukaona zilembo za IVA, dziwani kuti umenewo ndi msonkho wa Boma. Mu January 2023 unatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 iliyonse. Ndalama imeneyo siipita kwa woperekera. Mukaona "taxa de serviço" kapena "serviço incluído", ndiye kuti utumiki mwalipira kale. Mungathe kufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi ndalama iyi imakufikani?"

Kupeza 10 pa 100 iliyonse nkosavuta. Ngati nambala yathera ndi 0, chotsani 0 womalizayo. Bilu ikakhala 800 MT, gawolo ndi 80 MT, ndipo zonse pamodzi ndi 880 MT. Bilu ikakhala 350 MT, gawolo ndi 35 MT.

Ngati muli nayo ndipo mwakondwa, perekani. Kupatsa nkuika. Mpatseni woperekera m'manja mwake. Ngati mulibe, lipirani mtengo wolembedwa, nenani zikomo, ndipo tulukani opanda mantha. Simunabe kanthu. Koma musamkalipire wantchito chifukwa cha mitengo. Iye saika mitengo. Mwina ndi mwana wa kwathu konkuno, amene amatumiza ndalama ya feteleza kwa makolo ake ku Chidzolomondo.

Mau oti tiwadziwe

gorjeta, tipi, basela, bilu, malipiro, utumiki, msonkho, bairro, chipereganyu

Masamu

1. Bilu ndi 600 MT. Pezani 10 pa 100 iliyonse. Zonse pamodzi ndi zingati?
2. Antchito 8 agawana mofanana ndalama ya utumiki yokwana 12,000 MT. Aliyense alandira zingati?
3. Woperekera analandira gorjeta ya 150 MT Lachisanu, 200 MT Loweruka, ndipo masiku ena onse sanalandire. Wapeza zingati pa mlunguwo?

Mafunso okambirana

1. Kodi basela ikusiyana bwanji ndi gorjeta?
2. Kodi gorjeta ikusiyana bwanji ndi chiphuphu?
3. Nchifukwa chiyani malipiro a woperekera amakhudza anansi ake a m'bairro?
4. Mwa njira zitatu zija, ndi iti imene ingathandize wophika ndi wotsuka mbale?
5. Lembani kalata yaifupi kwa m'bale wanu amene akukayamba ntchito m'hotela. Muuzeni mafunso anai oti akafunse.