Mwana wanu akufuna kukhala mlangizi? Njira zake ndi izi



Pamudzi pathu pakakhala munthu amene wasiya kudya, sagona, kapena akulankhula zodzipha, timathamangira kwa agogo, kwa abusa kapena kwa amfumu. Amenewa amathandiza ndithu. Koma uphungu ndi ntchitonso yophunzira, ndipo ili ndi makwerero atatu.

Khwerero loyamba lili pafupi, pachipatala chathu chomwechi. Pali alangizi oyeza magazi a HIV, amayi olangiza anzawo oyembekezera, ndi ma APE amene mudzi umasankha okha. Apa safuna digiri. Amafuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi, wosunga chinsinsi. Maphunziro ake ndi a masabata kapena miyezi yochepa. Ine ndinalekeza ku pulayimale, ndipo ndinayambira pamenepa. Kukafunsa n'kwa mkulu wa chipatala kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ku Tsangano kapena ku Furancungo.

Lachiwiri ndi la técnico de psiquiatria. Dziko la Mozambique linayamba kuphunzitsa anthu amenewa chifukwa madokotala a matenda a maganizo anali ochepa kwambiri. Amaphunzira zaka ziwiri ndi theka m'masukulu a zaumoyo a boma, ndipo amaloledwa kupereka mankhwala a khunyu ndi a misala. Polowa pafunika maphunziro a sekondale ndi kupambana mayeso olowera.

Lachitatu ndi la psicólogo, wochiza pokambirana ndi wodwala. Uyu ayenera kumaliza kalasi 12, kenako zaka 4 pa yunivesite, monga Eduardo Mondlane kapena ISCISA ku Maputo. Kutsidya ku Malawi, koleji ya Saint John of God ku Mzuzu imaphunzitsanso uphungu, koma m'Chingerezi, ndipo satifiketi yakunja iyenera kuvomerezedwa ndi boma lathu musanaigwiritse ntchito kuno.

Tsono makolo, mfundo yanga ndi iyi. Mtsikana mukamuchotsa pasukulu kuti akwatiwe, kapena mnyamata kuti azikumba mbatatesi ndi kukagulitsa ku msika wa m'malire, mwamutsekera makwerero awiri apamwambawo. Tidzapitiriza kulandira alangizi ochokera kutali, osadziwa Chichewa, ndipo agogo adzafunika womasulira kuti anene zakukhosi. Ndani anganene chinsinsi chake pamaso pa munthu wachitatu?

Chenjeraninso ndi anthu amene amati perekani ndalama tikupezereni malo kapena satifiketi. Malo a maphunziro amalengezedwa poyera, pa wailesi ndi pa bolodi la ku ofesi.

Kwa anzanga a khwerero loyamba, tidziwe malire athu. Ntchito yathu ndi kumvetsera, kulimbikitsa ndi kuperekeza. Munthu akanena zodzipha, akamagwa khunyu, kapena akamamva mawu amene ena sakumva, musamusiye yekha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.