Uthenga wa Zanyengo ndi Msodzi wa ku Nkhunga

Mwezi wa June ukafika, msodzi wa ku Nkhunga, m'boma la Nkhotakota, sakankhira bwato m'madzi asanayang'ane kummwera. Kumeneko ndiko kumachokera mwera, mphepo ya m'nyengo yachisanu imene imautsa mafunde otha kugubuduza bwato lodzaza ndi usipa. Makolo ake anamphunzitsa kuwerenga mitambo ndi kaonekedwe ka madzi, ndipo nzeru imeneyi si yoipeputsa. Koma diso la munthu limalekeza pamene thambo lakumana ndi nyanja, chikhalirecho mwera umabadwira kutali, pa nyanja yamchere ya India, nudzera m'dziko la Mozambique usanafike kuno.

Ukali wa nyanjayi unaoneka pa 30 July 1946, pamene sitima ya Vipya inamira m'namondwe kufupi ndi Florence Bay, kumene lero kumatchedwa Chitimba. Anthu 145 anafera pamenepo.

M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, ntchito ya zanyengo inkayendetsedwa kuchokera ku Salisbury. Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964 linayamba kudziyendetsera lokha ntchitoyi, ndipo lero ili m'manja mwa Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre.

Nanga akatswiriwa amadziwa bwanji za mawa? Chiyambi chake n'chonyozeka. M'mawa uliwonse, nthawi ya 8 koloko, munthu amathira m'galasi loyezera madzi a mvula amene agwera m'chitini, nalemba m'buku. Pa masiteshoni monga Nkhotakota, Salima, Nkhata Bay, Chitedze ndi Chileka amayezanso kutentha, kulemera kwa mpweya, liwiro la mphepo ndi kumene ikuchokera. Muyezo wa malo amodzi sunena zambiri. Koma ikasonkhanitsidwa pamodzi ndi ya maiko oyandikana nawo, ndiponso zithunzi za makina oyenda mumlengalenga, njira ya mphepo imaonekera poyera. Mpweya ukayamba kulemera m'mbali mwa nyanja ya India cha ku South Africa, katswiri amadziwa kuti mwera uli panjira, ndipo chenjezo limapita ku wailesi.

Komabe ulosi wa zanyengo si lonjezo. Nthawi zina mwera wonenedwa umafika wofooka, ndipo msodzi amene anagona kumtunda amadandaula usiku wotayika, pakuti ana sadya chenjezo. Dandaulo lakelo n'lomveka, ngakhale usipa wa usiku umodzi sungalingane ndi chilimira, nyali ndi anyamata onse a m'bwato.

Vuto lalikulu lagona pa nthawi. Asodzi a usipa amanyamuka dzuwa likulowa, kotero chenjezo lomveka usiku limawapeza ali kale pakati pa nyanja. N'chifukwa chake makomiti a pa doko ayenera kukhala ndi munthu womvera wailesi masana, woti afikitse mawuwo kugombe mabwato asanakankhidwe.