Mikanda yakuda ya tasbih ija inali chamoyo cha pansi pa nyanja

Amene anapitako ku Hajj kapena ku Umrah amadziwa kuti pobwerera, tasbih sizisowa m'chikwama. Zambiri ndi zapulasitiki kapena zamtengo, koma pali zina zakuda bii, zonyezimira, zodula, zomwe Aluya amazitcha yusr. Ukazigwira ungati ndi phingo wopalidwa bwino. Koma si mtengo ayi, si mwalanso. Ndi mafupa a chamoyo cha m'nyanja yamchere chotchedwa korali wakuda, chomwe anthu akhala akuchivuula m'Nyanja Yofiira kuyambira kalekale.

Ife a kunyanja kuno sitingamukole muukonde, chifukwa korali samera m'madzi opanda mchere ngati athuwa. Kufupi kwathu amapezeka m'nyanja ya Indian, monga ku gombe la Toliara ku Madagascar. Mitundu yambiri imakonda pakuya kopitirira mamita 50, pomwe dzuwa limafika movutikira.

Mwa mitundu yakeyo, ulipo wina wooneka ngati burashi yotsukira mabotolo. Pakati pamakhala phata limodzi loima chilili, lomata pamwala. M'mbali monse mwa phatalo mumatuluka tinthambi tatifupi, tothithikana, tozungulira kuyambira pansi mpaka kunsonga. Ena amakhala burashi imodzi yokha, ena amachita mphanda n'kukhala ngati chitsamba cha maburashi angapo.

Chodabwitsa n'chakuti akakhala wamoyo saoneka wakuda. Amakhala woyera, wachikasu, wofiirira kapena wobiriwira, chifukwa kunja kwake kumakutidwa ndi tizilombo tofewa tambirimbiri tolumikizana. Kalikonse kali ndi kakamwa ndi timanja 6 tomwe kamagwirira tizakudya tobwera ndi madzi. Chakuda ndi fupa lam'kati. Fupalo silili ngati la nsomba: muli zinthu zofanana ndi zomwe zimapanga chikamba cha nkhanu, n'chifukwa chake limapindika osathyoka msanga. Lilinso ndi timinga ting'onoting'ono paliponse.

Nanga akatswiri amawagawa bwanji? Msodzi amvetsa msanga. Kwa mlendo utaka wonse ndi umodzi, koma mwini nyanja amayang'ana mlomo, mawanga ndi malo omwe wagwidwa. N'chimodzimodzi apa. Korali wakuda yense ali m'gulu lalikulu la Antipatharia, lomwe lili ndi mitundu yoposa 250. Koma aburashiwa sali m'banja limodzi. Cupressopathes wa m'nyanja za Indian ndi Pacific, ndi Tanacetipathes wa ku Atlantic, ali m'banja la Myriopathidae, lomwe katswiri Dennis Opresko analikhazikitsa mu 2001. Stylopathes ali m'banja lina, Stylopathidae, pomwe Parantipathes ali mwa Schizopathidae. Kufanana nkhope si ubale. Chosiyanitsa ndi kaonekedwe ka timinga tija pa makina okulitsa zinthu, kayalidwe ka tinthambi, kukula kwa tizilombo, ndipo masiku ano amapimanso DNA.

Vuto lagona pa kakulidwe. Korali wakuda amakula pang'onopang'ono kwambiri. Wina wamtundu wa Leiopathes wa ku Hawaii atamuyeza anapezeka ndi zaka zoposa 4,000. Khoka likadutsa pansi n'kumuzula, kapena wosambira akamudula kuti akagulitse, tinsomba ndi tinkhanu tobisala m'nthambi zake timasowa pokhala, ndipo malowo sabwerera msanga mwakale. N'chifukwa chake kuyambira mu 1981 malonda ake pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife amene taona chambo chikuchepa pamene makoka asesa malo oswerana. Ndiye ngati muli ndi tasbih ya yusr yomwe anasiya agogo, isungeni bwino, ndi chuma. Koma mukaima pa sitolo ku Makka kapena ku Madina, funsani kaye kuti mikandayo ndi ya chiyani. Ya mtengo kapena ya njere imawerenga zikr mofanana.